Kabokosi Kobiriwira

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Mphepo tsiku lonse. Fumbi la kuno ku Mushili, ku Ndola, mpaka m'mabatani a kompyuta. Magetsi abwera masana, zovala ndazisiya m'beseni, ndathamangira ntchito ya Loweruka: kichini pate, phwando lolangiza mkwatibwi, ya Cynthia ku Itawa. Makhadi awiri odzaza, zithunzi ndi vidiyo.

Monga mwa masiku onse. A Boaz, amuna anga, kujambula, ine kudula ndi kulumikiza. Iwo amadya keke kumaphwando, ine pano ndi mwana wathu Joy pamwendo, akundikoka waya wa mbewa ya kompyuta. Kale tinkapita awiri, ine ndi kamera yakale ija. Chibadwire Joy, mpando uwu.

Tsopano amapita ndi Zipporah. Mng'ono wanga. Ndinamuitana ndekha kuchokera ku Katete pa Pasaka kuti andithandize mwana, kenaka ndinaona kuti ali ndi dzanja lopaka anthu kumaso. Nzeru zanga zomwe: tizigulitsa zonse pamodzi, vidiyo, zithunzi ndi mekapu ya mkwatibwi. Makasitomala anakondwa.

Kanthu kamodzi lero. Gawo lomwe Cynthia akupakidwa, ajambula ndi lenzi ya eyite-faivi, ija imasungunula zakumbuyo n'kusiya munthu mmodzi ali ngwee. Woti akhale ngwee ndi mkwatibwi. Koma Cynthia ali mbuu ngati wakhala mu utsi, amene akuoneka nsidze iliyonse ndi Zipporah ndi kabulashi kake. Dzanja limaphonya. Ndapitirira.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Si kamodzi.

Polowa mkwatibwi, kumuvundukula chitenje, kupereka mphatso. Paliponse pamene Zipporah wadutsa kukapukuta thukuta la Cynthia, fokasi ikumusiya mwini phwando n'kulumphira iye. Achoke, ibwerera. Abwere, yathawanso.

Mu pulogalamu ya zithunzi muli batani lomwe sindinalikhudzepo. Ndalidina. Likuonetsa kabokosi kobiriwira pamalo pomwe kamera inayang'ana nthawi yojambula. Ndayenda chithunzi ndi chithunzi. Kabokosi pa diso la Zipporah. China, pa diso la Zipporah. Chinanso, Cynthia akulira atagwada kwa mayi ake, kabokosi kali kumbuyo uko pakhoma, pa diso la Zipporah.

Ine si mlendo pa kamera. Pa yakale ija kabokosi kameneka ndinkakakankha ndekha ndi chala chachikulu. Sikayenda kokha. Kamapita komwe wojambula wakatuma, ndipo wojambula amakatuma komwe kuli maso ake.

Yatsopanoyi sindinaigwirepo. Anaigula ku Kitwe mu Januwale, amaisunga ngati dzira, mwana asayandikire, ine ndingolandira makhadi. Koma kamera ndi kamera.

Ndiwo ndapsereza. Kabichi.

Lachinayi, 8 Ogasiti

M'mawa a Boaz akufuna tiyi: "Madamu namba thuu, nipatseko shuga." Zipporah kuseka. "Alamu, malobolo yanga mukalibe kulipila." Onse awiri khakhakha.

Nthabwala za chilamu. Kwathu n'zololedwa, mwamuna amatcha mng'ono wa mkazi wake kuti mkazi wanga, aliyense amaseka, palibe amapita nazo kwa ankhoswe. Inenso ndakhala ndikuseka chibwerere mwanayu. Lero kapu inandilemera m'manja.

Madzulo kunabwera mtsikana kudzafunsa mitengo ya ukwati wa Okutobala. Anayang'ana chithunzi chathu cha ukwati pakhoma, chija chapendekeka kuyambira Januwale ndipo palibe akuchiwongola, n'kuyang'ana Zipporah akusenda tomato. Ati, "So imwe munakwatiwa kudala, ka? Mwaoneka mwana." Zipporah anati si ine, ni asisi. Mtsikanayo anandiyang'ana, anayang'ananso khoma. "Aaa, ni imwe?" Ndiye kuseka kwa munthu amene waponda pomwe sayenera.

Ndinamupatsa mtengo wokwera dala. Sabweranso.

Loweruka, 10 Ogasiti

Chilanga mulilo, mwambo woonetsa mkamwini zakudya za kuchikazi, ku Riverside, Kitwe. Anyamuka m'mawa. Zipporah chikwama cha malenzi paphewa, wavala diresi langa la buluu lija linasiya kunditsekeka kumsana. Ndinamupatsa ndekha. Zonse ndimapereka ndekha.

Ndinaima pawindo mpaka anakhota pa kantemba, kagolosale ka pakona. A Boaz anamulandira chikwama. Ine ndikamanyamula miyendo ya kamera ndili ndi mimba ya miyezi isanu, ankati ndiwe wolimba.

Kodi zinali choncho? Mwina ankandilandira. Sindikukumbukanso bwino, ndipo sindikufuna kukumbukira mowakomera.

Abwera dzuwa litangolowa, ndi nkhuku mu kontena, ati takusungirani. Sindinadye. Ndati m'mimba.

Lolemba, 12 Ogasiti

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Joy ndamupereka kwa aneba, ndatsegula mafoda onse a chaka chino.

Febuluwale, Malichi, Epulo, Meyi: akwati onse ngwee. Kabokosi pa mkwatibwi, pa mphete, pa agogo akuvina. Ntchito yaukhondo, ya mwamuna amene ndinakwatiwa naye. Juni, mwezi womwe Zipporah anayamba kupita nawo: kabokosi kayamba kusochera. Poyamba sindinkaona chifukwa ankakhala kuchipinda chopakira basi. Tsopano amayenda ndi mkwatibwi paliponse.

Ya ku Riverside ndiye yanditsiriza. Azimayi a kuchikazi akulowa pageti ndi mapoto pamutu, omangidwa m'zitenje, kukaonetsa mkamwini zomwe azidya kwa mkazi wake. Ng'oma, nthungululu, mzere wautali. Chithunzi chokoma zedi chikanakhala. Kabokosi kadumpha mapoto onse, kadumpha woimba ng'oma, kapita pansi pa mtengo wa mango pomwe Zipporah waima yekha akuyang'ana foni. Sakuchita kanthu. Wangoima. Ndiye pomwe diso la mwamuna wanga lapita.

Chabwino. Iwo ali ndi lenzi, ine ndili ndi lumo.

Ndamudula monse. Pomwe sindingadule gawo lonse, ndakokera chithunzi pafupi mpaka iye atuluke m'mbali. Patsala dzanja lokha ndi kabulashi. Pena chigongono. Pamene waima pakati penipeni ndamuthira mdima pang'ono, ngati mthunzi wa denga. Aliyense amandipempha kuti tiyeretseniko, tichotseni ziphuphu. Lero ndaphunzira kuti batani lomwelo limabwereranso kumbuyo.

Ndinasangalala. Ndilembe zoona, ndinasangalala mpaka magetsi atapita.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Amake Cynthia abwera kudzaona vidiyo ya mwana wawo. Mayi wa ku Itawa, mafuta onunkhira, makiyi a galimoto m'manja nthawi yonse. Ndawaikira mpando wabwino. Anaonera, kenaka anafunsa m'Chibemba chawo: "Nabwinga ni nani apa?" Mkwatibwi ndani pano. Chifukwa ndikadula Zipporah, Cynthia amatsala yekha, koma ali mbuu ndithu, ndipo kukokera pafupi kwangowonjezera. Mwana wawo patsiku lake, nkhope ngati yajambulidwa kuseri kwa pulasitiki.

Ati konzani. Ndinafotokoza mwaulemu kuti mtundu ndingakonze, kuwala ndingakonze, phokoso ndingachotse, koma fokasi ikaphonya yaphonya, palibe batani. Ati ndalama yotsala muiwale, ndipo ukwati weniweni wa Seputembala tifuna wina. Anatuluka osatsanzika. Aneba onse anaona.

Dzina lathu ku Itawa lapita. Azimayi aja amauzana pa gulu la tchalitchi.

Ndinawadikira a Boaz ndi kompyuta yoyatsa. Ndinawaonetsa Cynthia. Sindinatchule dzina lina, ndinkafuna litchulidwe ndi iwo. Anakanda mutu. "Iyi kamera ili na mutu wake, Dainess. Imasakila yeka nkhope. Nthawi zina nikaibweza ibwelela. Nizaipeleka kwa Terence wokonza makamera ku Kitwe aione."

Imasaka yokha. Ha! Mwamuna akagwidwa, wolakwa ndi makina.

Ndinati, imasaka ndani? Ati anthu chabe. Anatenga thaulo n'kupita kukasamba.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sindinagwire ntchito. Ndatsegula chithunzi chimodzi cha Zipporah ndikuchikulitsa mpaka diso ladzaza sikirini. Lenzi ija si yabodza. M'diso lake mukuoneka zenera, ndi kamunthu kakuda katanyamula kamera.

Ndi wokongola. Palibe chothandiza kukana m'buku langa lomwe. Chipumi cha amayi, mpata wa m'mano womwe tonse tili nawo, khosi lalitali. Khungu losafuna batani lililonse. Zaka twente-thuu.

Ndayang'ana ngati pali pomwe akuyang'ana kamera, kumwetulira wojambula, kanthu kalikonse. Palibe. M'mafoda onse maso ake ali pa ntchito, pa nkhope ya mkwatibwi, pa foni. Ndiye kaya sakudziwa, kaya ndi wochenjera kuposa mmene ndimamuonera. Ndinamusambitsa ndine mwana ameneyu. Ndinkamubereka popita kuchigayo.

Magetsi anazima ndikuyang'ana choncho. Sikirini bii. Munatsala nkhope yanga. Mawanga akuda a m'masaya aja anabwera ndi mimba osabwereranso, chibwano chachiwiri, duku. Chibadwire Joy sindinalole kujambulidwa. A Boaz akaloza kamera ndimaphimba ndi dzanja, mpaka analeka. M'nyumba ya wojambula mulibe chithunzi cha mayi ndi mwana wake.

Ndili ndi nsanje. Ndalemba. Ikundiwotcha pachifuwa ngati ndameza mbatata yamoto, ndipo ndi mwana wa mayi anga.

Madzulo anandibweretsera madzi ofunda osambitsa mapazi, ati asisi mwakhala maningi pa mpando. Ndinati ika apo.

Lamlungu, 18 Ogasiti

Misa yoyamba. Ulaliki sindinaumve. Ndinali kuyang'ana komwe a Boaz akuyang'ana. Ankayang'ana kutsogolo. Alibe kamera m'manja, ndiye ndingadziwe bwanji.

Pobwera Zipporah akudumphadumpha mumsewu ngati wa giredi wanu. Nkhani yake: mayi wina wa saluni yaikulu ku Kitwe, a Pauline, anaona mmene anapakira mkwatibwi wa ku Riverside. Akufuna kumutenga kuyambira Seputembala, amuphunzitse zonse, tsitsi, zikhadabo, ndi kamalipiro pamwamba. "Asisi, ni alamu ananikambilako!" Ndi alamu ake anamulankhulira.

Kitwe. Komwe a Boaz amapita kawiri pa mlungu, kukasindikiza zithunzi, kukaona Terence. Ine ku Mushili ndi mbewa ya kompyuta.

Ndinati zabwino. Anandikumbatira, Joy pakati pathu akuseka. Mumtima ndinati, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwambi woipa kuuganizira mng'ono wako potuluka m'tchalitchi. Ndinauganiza.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ndanena patebulo, onse alipo. Amayi ku Katete miyendo yatupanso, sakutha kutunga madzi, afunika munthu. Ine sindingasiye ntchito ndi mwana. Apite Zipporah, Lachisanu.

Miyendo ya amayi inatupadi. Chaka chatha.

Zipporah anaika supuni pansi. Anayang'ana ine nthawi yaitali, kenaka mbale.

Amene analankhula ndi a Boaz. "Manje vya ku saluni? Mwai monga uyu subwela kawili. Titumeko chabe ndalama, bapeze wotapa manzi." Ndinawafunsa kuti chikukupwetekani n'chiyani, mayi ndi anga, mng'ono ndi wanga. Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero china. Ati, "Iwe Dainess, uli bwino?" Ndinati ndili ngwee.

Tikiti ndagula ndekha.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Ndamuperekeza kusiteshoni m'mamawa. A Boaz anatsala ndi Joy, sanatuluke kuchipinda, anangonena pakhomo kuti uyende bwino mulamu. Palibe madamu namba thuu.

Kuzizira. Anyamata onyamula katundu kukanganirana chikwama. Diresi la buluu analisiya pabedi atalipinda. Bokosi la mekapu wanyamula, sindikudziwa apaka ndani ku Katete.

Ndinamupatsa mabanzi ndi ya panjira. Analandira ndi manja awiri. Atakwera phazi limodzi anatembenuka.

"Asisi, amai ninakamba nao dzulo. Bali ku dimba, miyendo ili bwino."

Ndinasowa poyang'ana.

"Nipita chabe, nyumba ni yanu. Koma sembe munanifunsa."

Sanafunse kuti walakwa chiyani. Ndi chimene chikundidya. Wosalakwa akanafunsa. Kapena wosalakwa ndi amene safunsa? Basi inanyamuka, sanayang'ane pawindo.

Ndabwera wapansi kuchokera pa msika. Ndagula sopo, ndaiwala mchere.

Lolemba, 26 Ogasiti

Joy: "Anti Zipo ali kuti?" Kuyambira m'mawa.

Ukwati wa Loweruka ku Ndola konkuno, a Boaz anapita okha. Ndatsegula makhadi. Mkwatibwi ngwee kuyambira kutchalitchi mpaka kuholo. Kabokosi pomwe kayenera kukhala, chithunzi chilichonse. Terence sanaigwire n'komwe kamera ija, yachira yokha.

Umboni ndi umenewo. Ndinalondola.

Ndimayesa ndimva kukoma. Palibe. M'nyumba muli zii. A Boaz amayankha zomwe ndafunsa basi. Amayi anaimba, sindinayankhe. Zipporah sanatumize ngakhale kuti ndafika.

Lachinayi, 29 Ogasiti

Ndilemba mwa dongosolo lake.

Loweruka kuli ukwati waukulu ku Riverside, wofuna anthu awiri. M'mawa a Boaz anaika kamera yatsopano ija patebulo patsogolo panga. "Wotandiza nilibe manje. Uphunzile, uzagwila iyi, ine nizagwila yakudala." Anatuluka kukachajitsa mabatire kwa mnzawo wa sola.

Koyamba m'manja mwanga. Yopepuka kuposa yakale. Ndinaiyatsa, ndinaloza Joy akudya phala pamkeka. Chala changa chinafuna kabatani kokankhira kabokosi. Ndisanakakhudze, kabokosi kanapita kokha pa diso la Joy. Joy atembenuke, kamutsatira. Ndinachotsa chala chonse, ndinagwira ndi zikhatho. Kakumutsatirabe.

Imasakadi yokha.

Koma ndinati sizisintha kanthu. Yokha kapena ayi, bwanji munthu mmodzimodzi pakati pa gulu lonse?

Ndinaimirira kuti ndimutenge Joy ndi chipinda chonse. Khoma litangolowa m'chithunzi, kabokosi kanamusiya mwana. Kanalumpha. Joy anasanduka mbuu, ndi kabokosi kotuwa kopyapyala ngati ka munthu wamba. Kobiriwira kanapita pakhoma, pa chithunzi chathu cha ukwati. Osati pa a Boaz ndi suti yawo yobwereka. Pa mkwatibwi. Pa diso.

Ndinatsitsa kamera, kanabwerera kwa Joy. Ndinakweza, kanathawiranso kukhoma. Kulumpha komwe kuja ndakhala ndikukuona milungu yonseyi, komwe kuja kwa pansi pa mango.

Ndinakhala pansi. Ndinalowa m'zosankha za kamera, tsamba ndi tsamba, Joy akundipaka phala pabondo. Pansi pa za fokasi pali malo osungira nkhope. Ukajambulamo nkhope ya munthu, kamera imaiika patsogolo pa anthu ena onse, ikangomuona imasiya aliyense. Malo alipo angapo. Onse opanda kanthu kupatula oyamba.

Ndinatsegula ndikuyembekeza kuona Zipporah. Ndipo kwa kamphindi ndinamuonadi. Chipumi, mpata wa m'mano, khosi. Kenaka ndinaona chophimba kumutu choyera, ndolo za amayi a ubatizo zomwe zinatayika kalekale, ndi kuwala kwa galasi la felemu pakona.

Ndine. Tsiku la ukwati. Zaka twente-firii.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Dzulo sindinathe kumaliza.

A Boaz atabwera ndinangowapatsa kamera, nkhope ija ili pa sikirini. Anayang'ana, anagwira pakamwa. Anali ataiwala. Tsiku lomwe anaigula anaona pa foni kuti imasunga nkhope, anafuna kuika yanga, ine ndinaphimba ndi dzanja ngati masiku onse. Ndiye anatsitsa chithunzi pakhoma ndili kubafa, n'kujambula chimenecho. Pobwezera ndi pomwe chinapendekeka.

Ndinati munaikiranji. Ati, "Nenze kuganiza uzayamba kubwela ku nchito. Kuti olo mu gulu nizikupeza."

Ine sindinapite ngakhale kamodzi. Kamera yakhala ikundisaka m'maphwando onse a Ndola ndi Kitwe, osandipeza, mpaka tsiku lomwe munalowa munthu wa nkhope imeneyo.

Ndinawauza zonse. Kabokosi, mafoda, lumo, mdima womwe ndinamuthira, miyendo ya amayi. Anakhala pa mkono wa mpando. Kenaka: "Mwana uja unamucosa pa nchito cifukwa ca ici?" Sanakweze mawu. Bola akanakweza.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ine ndine ine. Ndinafunsa kuti nanga inu, mumaona ndithu pa sikirini kuti yapita kwa iye, bwanji simunkaibweza msanga? Pena mwasiya nthawi yaitali, ndaona ndi maso anga, ya pa mango ija.

Anayang'ana pansi. Ati, "Nthawi zina nenze kucedwa, ni zoona. Akaima so mu diresi ija, nenze kuona iwe. Iwe wa kale, tikali kunkhala ku Chifubu paja, ukali kunyamula kamera." Anati ndi chikondi. Ndikuganiza ankayesa akundisangalatsa.

Atatuluka ndinachita chinthu chopusa. Ndinavula duku, ndinapesa, ndinatembenuza sikirini kuti izindiyang'ana. Ndinaima patsogolo pa khoma, chithunzi chili kumbuyo kwa phewa langa, kamera ndaitambasula m'manja. Awiri m'chithunzi chimodzi, ine ndi iye.

Ine kabokosi kotuwa. Iye kobiriwira.

Ndinamwetulira kuti mpata wa m'mano uoneke. Ndinakweza chibwano, ndinatembenukira kuwindo. Ndinayandikira mpaka nkhope yanga inadzaza theka la sikirini. Ili mbuu ngati ya Cynthia. Mtsikana wa pakhoma ali ngwee, akuseka, sakudziwa kanthu.

Ndiye mkazi mnzanga ndamupeza. Wakhala m'nyumba muno nthawi yonseyi, pamwamba pa wailesi. Ameneyo sindingamugulire tikiti.

Batani lofufutira lili pomwepo, pansi pa nkhope yake. Likufunsa ngati ndatsimikiza. Mawa pa ukwati iyenera kukhala itafufutidwa, kapena ayi, zilibe kanthu, woilanda fokasi kulibe. Sindinadine. Kamera ili pabedi, pafupi ndi diresi la buluu.

A Pauline ndawaimbira. Ati malo akadalipo mpaka Lolemba, akapanda kubwera atenga wina. Basi yochoka ku Katete Lamlungu m'mawa ingamufikitse.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Tiona. Ndaimba kwa Zipporah, inalira mpaka kuduka. Ndaimbanso, chimodzimodzi. Ndaimba kwa amayi. Anayankha msanga ngati foni inali kale m'manja. Sanandifunse za Joy, sanandifunse za moyo. Ati, "Ali pano. Akumva. Nena pa sipika zomwe unatinamizira miyendo."

Ndinadula.

Joy wagona. Foni ili apa, ndalemba kale nambala ya amayi. Ndiyambe ndi kamera kapena ndiyambe ndi pepani?